Usipa ukadula, tiphike chiyani? Nyemba, nandolo, soya pisi kapena masamba otendera

Munthu wa ku Dedza kapena ku Ntcheu akamva kuti umakhala ku Mangochi amaganiza kuti chambo umadya m'mawa ndi madzulo. Eni akefe tikudziwa kuti chambo chabwino chimakwera galimoto kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe, china chimathera m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, ndipo pakhomo pamafika usipa, utaka ndi kambuzi. Ku nyanja ya Malombe chambo chinayamba kusowa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ndipo sichinabwererenso monga kale. Nawo usipa uli ndi masiku ake. Mwezi ukawala, asodzi a chilimira amene amakopa nsomba ndi nyali amabwera ndi zochepa. Mwera ukalusa m'miyezi ya Juni ndi Julayi, mabwato amagona pamchenga. Kumapeto kwa chaka nyanja imatsekedwa kuti nsomba ziswane. Onjezanipo kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, muona chifukwa chake mulu wa usipa pamsika ukunka nuchepa pamene mtengo wake ukukwera.

Choncho pa mwezi pamakhala masiku ambiri amene nsima imayenera kutsika popanda nsomba, ngakhale kwa ife amene nyanja timayiona tili pakhonde. Ambiri akamasankha ndiwo za masiku amenewa amangofunsa mtengo wa pamsika basi. Ine ndimati mtengo wa pamsika ndi theka chabe la nkhani. Ndiwo zimadyanso makala, zimamwa mafuta, zimafuna tomato, ndipo kuno kotentha pali funso lina limene anzathu a kumapiri salilabadira kwenikweni: kodi zikatsala masana zifika madzulo zisanasase?

Tiyambe ndi nyemba, poti ndi zimene aliyense amathamangira. Nyemba sizikonda kutentha kwa m'mbali mwa nyanja. Zambiri zimene timagula pamsika wa pa Boma kapena ku Monkey Bay zimachokera kumtunda, kaya ku Namwera, kaya ku Ntcheu ndi ku Dedza, ndiye mukamalipira mumalipiriranso galimoto imene inazinyamula. Kukoma kwake palibe amatsutsa. Nanyati kapena Kholophethe zikapsa bwino, msuzi wake uli phalaphala, ngakhale bambo amene amanyoza ndiwo zopanda minga amapempha mtanda wina. Zomanga thupi zilimo zokwanira, pafupifupi magalamu 20 pa magalamu 100 aliwonse a nyemba zouma, ndipo pali mitundu ina monga NUA 45 imene akatswiri a zaulimi anaitulutsa chifukwa ili ndi ayironi ndi zinki wochuluka.

Vuto la nyemba ndi moto. Nyemba zouma zosanyika zimatha kukhala pambaula maola awiri kapena atatu, ndipo zikakhala za chaka chatha, zimene zakhalitsa m'thumba pamalo otentha, zimauma mtima moti makala amatha zisanafewe. Mukawerengera kajumbo ka makala kamene kapita pamenepo, nyemba zija zimene mumati ndi zotchipa zimayandikira mtengo wa usipa umene munauthawa. Kunyika kumathandiza kwambiri, koma kuno muzinyika usiku n'kutaya madziwo m'mamawa. Mukazisiya m'madzi tsiku lonse m'mwezi wa Okutobala mupeza zachita thovu ndipo zayamba kununkha. Tomato muziika nyemba zitafewa kale, chifukwa kuwawasa kwake kumalimbitsa khungu la nyemba. Ena amaponyamo soda kuti zipse msanga. Zimapsadi msanga, koma soda amawononga ena mwa mavitamini amene mumawafunawo, ndipo akachuluka msuzi umamveka ngati sopo.

Nyemba zimalipira bwino pakhomo la anthu ambiri, pamene mphika umodzi waukulu umatha tsiku lomwelo, kapena pamene mumaphikira nkhuni zotola zosagula. Kwa mphunzitsi wokhala yekha m'nyumba ya lendi, wopanda filiji, nyemba ndi chinyengo. Aphika zambiri kuti makala asapite pachabe, adya masana ndi madzulo, m'mawa mwake apeza zasasa. Ngati mukufuna zigone, ziwiritseni mpaka zibwate musanakagone, musazivundukulenso kapena kuikamo supuni imene mwadyera, ndipo m'mawa muziwiritsenso.

Nandolo ndiye amene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi wathu koma timamuchita ngati mlendo. Amamera bwino m'dera lino lonse, kuyambira ku Balaka ndi ku Machinga mpaka kuno, amapirira chilala chifukwa mizu yake imapita pansi, amabwezeretsa chonde m'munda wa chimanga, ndipo mukakolola mitengo yake ndi nkhuni. Pali Mthawajuni amene amacha msanga, pali Mwaiwathualimi, pali wamakolo uja amene amafika Seputembala. Zomanga thupi zimene zili mwa nandolo wouma sizisiyana kwenikweni ndi za nyemba. Komabe mabanja ambiri amamuona ngati mbewu ya ndalama basi. Mavenda akafika ndi sikelo timagulitsa thumba lonse, kenako mu Januwale tili pamsika kugula nyemba za ku Dedza pamtengo wokwera. Nandolo wathuyo amakathera ku India, kumene amamuchotsa khungu n'kumudya pafupifupi tsiku lililonse. Amene analima mu 2017 akukumbukira mmene mtengo unagwera dziko la India litachepetsa nandolo wolowa kwawo, mpaka ena anangomusiya m'munda. Mu 2021 mayiko awiriwa anagwirizana kuti Malawi azitumiza matani 50,000 pachaka, koma mlimi wa kwa Chimwala sangadziwe kuti chaka chamawa boma la ku Delhi lidzaganiza zotani. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ndowa ziwiri zimene mwasunga pakhomo palibe wa kunja angazigwetse mtengo.

Chimene anthu amadana naye nandolo wouma n'chodziwika: khungu lake ndi lolimba, ali ndi kafungo, ndipo ana amamusankha m'mbale. Zonsezi zili m'khungu. Mukamukazinga pang'ono m'chiwaya, n'kumupera pamphero kapena kumukonola mopepuka mumtondo, kenako kupeta, mutsala ndi timabanthu tachikasu. Chipere cha nandolo wotere chimapsa pasanathe ola, sichifuna mafuta ambiri, ndipo mwana wamng'ono amadya osatsamwa. Ntchito yopera ndi yotopetsa, inde, koma mumaigwira kamodzi n'kusunga wokwanira masabata angapo. Poyerekeza ndi nyemba, apa mwapulumutsa makala, mwapulumutsa ndalama ya galimoto, ndipo mungathe kuphika pang'ono pokwanira chakudya chimodzi, ndiye za kusasa zija sizikukhudzani. Nandolo wamuwisi wa mu Julayi ndi Ogasiti safunanso kumuyankhulira. Ndi tomato ndi anyezi amaposa nyemba, ndipo wophika ndi makoko ake amatha ana asanafike n'kukhomo.

Khobwe ali pafupi ndi nandolo pa ubwino, mwinanso kumuposa pa chinthu chimodzi: amapereka ndiwo ziwiri. Ali m'munda mumathyola chitambe, akauma mumadya njere. Amapsa msanga kuposa nyemba ndipo kutentha sakuopa. Mdani wake ndi anankafumbwe, amene amatha thumba lonse m'miyezi iwiri mukalekerera. Nzama zimakhutitsa kuposa zonsezi, munthu akadya masana amafika usiku osamva njala, koma pamoto ndi zouma mutu kuposa nyemba. Nzama ndi za tsiku limene pali chitsa chikuyaka pabwalo, osati za mbaula ya makala ogula.

Tsopano soya pisi, amene wadzaza m'maokala onse kuchokera pa mlatho wa Bakili Muluzi mpaka ku Makanjira. Ndikumvetsa chifukwa chake wafala. Paketi yake imakhala miyezi osawonongeka, safuna filiji, amapsa m'mphindi 15 kapena 20, ndipo pakhomo la Chisilamu palibe chofunsa kuti wazinga ndani, poti ndi mbewu. Mayi amene waweruka mochedwa ku ntchito kapena wachokera kogulitsa mandasi amatha kuphika nsima ndi ndiwo pa moto umodzi womwewo. Ana amamukonda chifukwa amatafunika ngati nyama. Zomanga thupi alinso nazo zambiri, poti amapangidwa kuchokera ku ufa wa soya umene watsala akafinya mafuta.

Koma pomwepo ndi pamene pali msampha. Mafuta anachotsedwa ku fakitale, ndiye muyenera kuwabwezera nokha kuchokera m'botolo lanu. Soya pisi wophika ndi madzi ndi mchere wokha palibe amene angamudye kawiri. Amafuna mafuta ooneka, tomato wambiri, anyezi, mwina ndi ufa wokometsera wa kale (curry). M'miyezi ya mvula, tomato akadula, paketi yotchipa ija imakoka ndalama zina zoposa mtengo wake. Timapaketi ta zokometsera timene timabwera m'kati mwake timakhalanso ndi mchere wambiri, ndiye amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi asathire tonse kenako n'kuwonjezeranso mchere wa pakhomo. Chinanso, amakola msanga. Sabata imodzi ya soya pisi tsiku ndi tsiku, pakhomo pamayamba kumveka mawu.

Amene amamuphika bwino amamunyika m'madzi otentha, kumufinya mpaka madzi a fungo aja atuluke, kenako kumukazinga kuti afiire asanathire tomato. Ine ndimapitirira apo: ndimamutendera. Nsinjiro zimalowa m'malo mwa mafuta, msuzi umalemera, ndipo kafungo ka fakitale kamabisika. Alamu anga atamva koyamba anaseka, amvekere, "Alamu, nyama amatendera kodi?" Koma si nyama, ndi soya, ndipo soya ndi mtedza sizidana. Kwa ine soya pisi ndi ndiwo za tsiku la changu, kawiri pa sabata osapitirira. Ngati muli ndi soya weniweni wa kumunda, musavutike kumuphika ngati nyemba, safewa msanga ndipo wosapsa amavutitsa m'mimba. Mukazingeni bwinobwino, mupite naye kuchigayo pamodzi ndi chimanga, mbale imodzi ya soya pa mbale zinayi za chimanga monga amachitira ndi Likuni Phala, ana azimwa phala m'mawa.

Masamba timawapeputsa chifukwa timawasakaniza onse m'gulu limodzi, pamene kwenikweni alipo a mitundu iwiri yosiyana kutalitali pa nkhani ya thumba. Pali a kudimba, repu, chayinizi, kabichi ndi mpiru, amene timagula chaka chonse. Amenewa njira yawo yozolowereka ndi mafuta ndi tomato, ndipo mukachotsa ziwirizi mwatsala ndi madzi obiriwira. Kabichi makamaka amadzaza mphika koma m'thupi amasiyamo zochepa. Ndiye pali athu a kumunda ndi kuseri kwa nyumba: nkhwani, bonongwe, chisoso, luni, kholowa, chitambe, khwanya, chigwada. Ambiri mwa amenewa m'nyengo ya mvula simugula n'komwe, ndipo masamba obiriwira kwambiri ngati bonongwe ali ndi ayironi ndi zopangira vitamini A zochuluka kuposa kabichi.

Chimene chimasandutsa masamba kukhala ndiwo zoti munthu wolima tsiku lonse akhute nazo ndi nsinjiro. Mtedza pafupifupi theka lake ndi mafuta, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zomanga thupi. Ndiye mukatendera nkhwani mwaika m'mphika umodzi masamba, mafuta ndi chakudya cha gulu la nyemba, magulu atatu mwa asanu ndi limodzi aja amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa kusikelo. Mafuta a mu nsinjiro amathandizanso thupi kutenga vitamini A wa m'masambamo, amene wambiri amangodutsa ngati palibe mafuta. Pamoto, ndiwo zotendera zimapsa madzi a nsima asanawire n'komwe. Pa ndiwo zonse zimene tatchulazi, palibe ina imene imadya makala ochepa chotere n'kupereka zambiri chotere. Mukandifunsa kuti ndi ndalama yochepa ndigule botolo laling'ono la mafuta kapena mbale ya mtedza, ine ndinyamula mtedza.

Pali zinthu ziwiri zoti musamale. Choyamba ndi chuku. Mtedza umene unanyowa kapena kusungidwa usanaume umamera nkhungu imene imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Ameneyu amawononga chiwindi pang'onopang'ono, ndipo kuphika sikumuchotsa. Tsoka lake, chizolowezi chathu n'chakuti mtedza wabwino timagulitsa, wonyala ndi wakuda uja n'kusinja kuti ukhale nsinjiro za ana athu. Nsinjiro zogula kale m'timapepala simungadziwe kuti anasinja mtedza wotani. Kuli bwino kugula mtedza wathunthu, kaya CG7 kaya Chalimbana, kusankha ndi manja anu n'kutaya wowola ndi wowawa, kenako kusinja wokwanira masiku ochepa, chifukwa kuno nsinjiro zikakhalitsa zimayamba fungo. Chachiwiri n'chakuti ndiwo zotendera sizigona. Zophika masana zithe masana, mwina madzulo mukaziwiritsanso.

Chigwada chili ndi malamulo akeake, ndipo m'midzi ya m'mbali mwa nyanja mmene chinangwa chili paliponse ndi ndiwo zodalirika ngakhale chilimwe chitafika pachimake. Masamba a chinangwa ali ndi poizoni wachibadwa, n'chifukwa chake anganga athu ankasinja mpaka afewe, n'kuwiritsa nthawi yaitali. Mphika usavundikiridwe poyamba, kuti poizoniyo atuluke ndi nthunzi. Apa musachite changu kuti mupulumutse makala. Therere, kaya lobala kaya denje, ndiye mfumu ya tsiku limene m'nyumba mulibe kanthu: silifuna mafuta, limangofuna chidulo kapena soda pang'ono ndi tomato mmodzi, ndipo nsima imatsetsereka. Kungoti kutsetsereka si kumanga thupi. Therere likhale ndi mnzake pambali, ngakhale kambale ka chipere.

Masamba akumunda amatha mvula ikasiya, ndipo apa ndi pamene mfutso umalowera. Ndimadabwa kuona kuti atsikana ambiri a masiku ano amauona ngati chizindikiro cha umphawi, chonsecho m'mwezi wa Okutobala mpukutu wa repu wofota ndi dzuwa akuugula modula. Chitambe kapena nkhwani mukaziwiritsa pang'ono mu Febuluwale ndi Malichi, n'kuyanika pamphasa, mwasunga ndiwo za miyezi isanu ndi umodzi. Kuyanika pamthunzi podutsa mphepo kumasunga mavitamini ambiri kuposa pa dzuwa la phwee, ngakhale kumatenga masiku ochulukirapo. Mfutso wa chitambe wotendera, ndi kambuzi wa tsabola pambali, sindingausinthanitse ndi soya pisi tsiku lililonse. Amene ali ndi mtengo wa cham'mwamba pa mpanda alinso ndi mwayi wina, poti masamba ake ouma ndi osinja mungathe kuwaza m'ndiwo zilizonse kapena m'phala.

Pa mwezi wa Ramadani nkhaniyi imaoneka bwino. Futali wa mbatata kapena chinangwa wothira nsinjiro, amene mabanja ambiri kuno amamasulira naye dzuwa likalowa, mulibe nyama kapena nsomba, koma palibe amene amadandaula kuti wadya zaumphawi. Mukapeza mbatata yofiira m'kati, monga Kadyaubwerere kapena Zondeni, futali yemweyo amabwera ndi vitamini A wochuluka.

Ndiye kodi munthu angasiyiretu nsomba, nyama ndi mazira n'kumadalira za m'munda zokha? Pali achinyamata ena, makamaka amene amagwira ntchito ndi alendo ku Cape Maclear kapena amawerenga zambiri pa intaneti, amene ayamba kunena zimenezi, ndipo ena adokotala anawauza kuti achepetse nyama yamafuta chifukwa cha shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Kuchepetsa ndikuvomereza ndi manja awiri. Kusiyiratu, kuno, sindingalangize, makamaka kwa mwana, mayi woyembekezera ndi woyamwitsa. Vitamini B12, amene amafunika pa magazi ndi mitsempha, sapezeka mu nyemba, nandolo, mtedza kapena masamba. Anthu a kunja amene sadya chanyama chilichonse amamwa mapiritsi ake kapena kugula zakudya zimene anamuwonjezeramo, zinthu zimene pa okala ya kwa Nankumba simungazipeze. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira. Si dziko loti tiziseweretsa mbale ya mwana.

Chimene chimagwira ntchito ndi kusintha udindo wa usipa. M'malo moti ukhale ndiwo yonse, ukhale chokometsera. Dzanja limodzi la usipa wouma, wokazinga pang'ono n'kusinja pamodzi ndi mitu ndi minga yake, mukathira mu mphika wa nkhwani kapena m'phala la mwana, mwapereka B12, kashiamu wa m'minga ndi fungo limene bambo amalifuna. Mulu umene ukanatha pa chakudya chimodzi umafika masiku atatu kapena anayi. Ayironi wa m'masamba ndi m'nyemba thupi limamutenga movutikira kusiyana ndi wa m'nsomba, koma chowawasa chimathandiza: ndimu wofinyira m'ndiwo, mango m'nyengo yake, bwemba, kapena madzi a malambe, amene mitengo yake yaima paliponse m'boma lino ndipo ali ndi vitamini C wambiri. Tiyi ndiye amachita zosiyana, amatsekereza ayironi, choncho asamwedwe pamodzi ndi nsima.

Pa alendo pokha ndiye sinditsutsana ndi mwambo. Apongozi akachokera ku Katuli simungawaikire chipere chokha n'kuyamba kuwafotokozera za magalamu. Pamenepo nkhuku igwidwe kapena mcheni ugulidwe, ngakhale pa ngongole, masamba otendera akhale pambali. Nthawi zambiri mbale ya masambayo ndi imene imayamba kutha, koma zimenezo musazitchule iwo ali pomwepo.

Nthawi yogula ndi imene imasiyanitsa pakhomo pamene mudzadye bwino mu Januwale ndi pamene mudzadalire paketi ya pa okala. Mtedza ndi khobwe zimatsika mtengo mu Meyi ndi Juni, nandolo wouma mu Seputembala ndi Okutobala. Mtedza usungidwe ndi makoko ake, pamalo okwera osakhudza pansi. Khobwe ndi nandolo ziume mpaka njere izilira mukailuma, kenako muziike m'matumba aja a PICS amene salowa mpweya, kapena m'chigubu chouma chotseka bwino chimene mwachidzaza mpaka kukamwa. Anankafumbwe akasowa mpweya amafa okha popanda mankhwala, bola musamatsegule tsiku ndi tsiku. Patulani za mwezi umodzi m'kachitini kena, chachikulucho chikhale chotseka.